Kusunga Nyanja Yamchere ku Chelstone

Aliyense wophika tiyi mu Lusaka amazidziwa zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Gulani ketulo yatsopano ku Kamwala lero, pomatha miyezi ingapo mkati mwake mwayera mbuu, ndipo mukaigwedeza mumamva timakoko touma tikuchita phokoso pansi. Mipopi ya kubafa imatsekeka ndi zomwezo, magiza amafa msanga ndi zomwezo. Anthu amangoti madzi a kuno ndi a laimu, ndipo salakwa. Mzindawu unakhala pathanthwe la laimu ndi dolomite. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'ming'alu ya thanthwelo n'kumalisungunula pang'onopang'ono, kutenga calcium ndi magnesium, ndipo ife tikawiritsa madziwo mwala uja umabwerera mwakale. Mukathira viniga pa zoyerazo zimachita thovu, chifukwa ndi calcium carbonate.

Thanthwe limeneli linaumbika pansi pa nyanja yamchere zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo, makorali asanakhaleko n'komwe padziko. Ndi mwala wa mtundu womwewu umene amayi a ku Kalingalinga akhala akuphwanya ndi hamala m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, n'kuunjika milumilu kudikira omanga nyumba. Laimu wa m'dera lomwelino ndi amene anakokera fakitale ya simenti ku Chilanga mu 1949, ndipo simenti ya kumeneko inamanga nawo damu la Kariba, limene linatha mu 1959. Gombe la Indian Ocean lili kutali nafe makilomita oposa 800, ambiri a ife sitinalionepo, koma tsiku ndi tsiku timayenda pamwamba pa nyanja yakale ndipo timamwa zotsalira zake.

Zimenezi ndimaziganizira kawirikawiri chifukwa pabalaza kwathu ku Chelstone pali thanki yagalasi ya malita 200, ndipo ndimasungamo makorali ndi tinsomba tiwiri ta mtundu wa clownfish. Amene timachita zimenezi mumzinda muno ndife owerengeka. Alendo ena amayesa makoraliwo ndi maluwa, ena amayesa ndi miyala yopaka utoto, koma ndi nyama. Nthambi iliyonse ndi gulu la tinyama tofewa, kalikonse ndi kakamwa kake ndi timanja tozungulira pakamwapo. M'thupi mwa tinyamati mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya kuwala kukazifika n'kugawirako mwini thupi. Pansi pake kanyamako kamamanga chigoba cha calcium carbonate, ndipo zomangira zake kamatola m'madzi momwe kakukhalamo.

Munthu angayese kuti ndiye madzi a Lusaka ndi odala kwa makorali, popeza calcium ndi magnesium alimo kale. Si choncho. Ntchito yoyamba ya wosunga thanki yotere ndi kuchotsa chilichonse m'madzi, chabwino ndi choipa chomwe, kuti ayambire pa madzi opanda kanthu. Madzi a pampopi ndimawadutsitsa m'sefa ya reverse osmosis, kenako m'botolo la timikanda ta DI resin timene timagwira zotsala. Pali kamita kakang'ono ka TDS koyeza zosungunuka m'madzi. Ndikakaviika m'madzi a pampopi kamawerenga mazana angapo, koma otuluka kusefa ayenera kuwerenga 0. Kamitako sikanena kuti mazana amenewo ndi chiyani. Muli calcium wabwino ndithu, koma mungakhalenso nitrate, phosphate ndi mkuwa wochoka m'mapaipi. Mkuwa ndi umene umadyetsa dziko lino, koma m'thanki ya makorali ngakhale wochepa kwambiri umapha makorali, nkhono ndi tinkhanu. Ndiponso madzi a mumzinda muno sachokera kumodzi. Ena amachokera mu Kafue, amayeretsedwa ku Iolanda n'kupopedwa mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ena amachokera m'ma borehole a mumzinda momwemuno. A mumtsinje ndi a pansi safanana, a dzinja ndi a chilimwe safanana. Munthu amamwa onsewo osamva kusiyana kwenikweni. Korali amamva.

Sefa imeneyi ili ndi mtengo wake umene sindiuiwala. Pa lita imodzi ya madzi oyera imatulutsa malita atatu kapena anayi otsala. Amayi anga atabwera kudzacheza kuchokera ku Katete, anaima kuseri kwa khitchini akuyang'ana kapaipi kakudontha.

"Mwanawe, madzi onsewa ukutaya chifukwa cha miyala?"

"Sindikutaya, Amayi. Akupita mumgolo, tichapira ndi kuthirira ndiwo."

"Nanga ndi oipa?"

"Ndi abwino. Kungoti makoraliwo sangawapirire."

Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti ndi ofooka kuposa ife."

Mayi amene wasenza ndowa pamutu moyo wake wonse ali ndi ufulu wofunsa funso limenelo, ndipo mawu awo omalizawo ndi oona. Makorali ndi ofooka chifukwa kwawo sanaphunzirepo kupirira kusintha. Nyanja ndi yaikulu moti mchere wake, kutentha kwake ndi zonse zosungunukamo zimakhala chimodzimodzi zaka ndi zaka. Phala la mumphika waukulu limachedwa kuzizira, koma la m'kambale lazizira kale usanasambe m'manja. Thanki yanga ndi kambale. Manambala onse amene osunga makorali amati ndi oyenera ndi manambala a nyanja yeniyeni, ndipo chimene nyanja imachita ndi ukulu wake, m'galasi muno achite ndi munthu, ndi manja ake, tsiku lililonse.

Nambala yoyamba ndi ya mchere. Mu kilogalamu imodzi ya madzi a nyanja muli magalamu 35 a mchere. Pa magawo 100 alionse a mcherewo, pafupifupi 85 ndi mchere umene timathira m'ndiwo, ndipo otsalawo ndi magnesium, sulfate, calcium, potassium, bicarbonate ndi tina tambirimbiri tochepa. N'chifukwa chake mchere wa kukhitchini sungakwane. Wanga umabwera m'ndowa zapulasitiki kuchokera ku South Africa, wosakaniza kale. Chigubu cha malita 20 chimadya magalamu pafupifupi 750, ndipo ndimasiya kapampu kakuvundula usiku wonse. M'mawa ndimatenga choyezera mchere chotchedwa refractometer, ndimadonthetsa madzi pa kagalasi kake, kutseka kachivundikiro, n'kuloza kuwindo. Ukasuzumira umaona bwalo, kumwamba kwake kwa buluu, kunsi koyera, ndipo mzere wa pakati uyenera kugwa pa 35, kapena 1.026 pa sikelo inayo. Ambiri amakhala pakati pa 1.024 ndi 1.026 ndipo makorali awo amakula bwino, malinga ngati sakudumphadumpha.

Chimene chimasokoneza mchere kuno ndi mphepo youma. Kuyambira August mpaka mvula itagwa, thanki imataya madzi ambiri mumpweya, koma mchere suuluka, umatsala. Madzi akatsika, otsalawo awawa kuposa dzulo. Choncho obwezeramo amakhala opanda mchere, ndipo pagalasi ndinalembapo kamzere koti madzi asatsike kupitirira pamenepo. Kutentha nako kuli ndi malire ake, madigiri 24 mpaka 27. Usiku wa June ndi July kunja kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10 ndipo hita imagwira ntchito mpaka kucha. Mu October masana amapitirira madigiri 30, ndipo fani youzira pamwamba pa madzi imathandiza, koma imauma nawonso madziwo mofulumira. Ukakonza ichi wakhudza icho.

Nambala imene imandisunga maso kwambiri ndi ya alkalinity. Imeneyi imayeza bicarbonate ndi carbonate wa m'madzi, amene amagwira ntchito ziwiri. Amateteza madzi kuti asasanduke a asidi msanga, ndiponso ndi amene korali amalumikiza ndi calcium pomanga chigoba. Muyezo wake ndi dKH, ndipo m'nyanja imakhala pafupifupi 7 dKH. Osunga makorali amakhala pakati pa 7 ndi 11, ndipo ine ndinasankha 8. Calcium amafunika pakati pa 400 ndi 450 ppm, magnesium pakati pa 1,250 ndi 1,350. Atatuwa amayendera limodzi, koma sachepa mofanana. Korali akatenga 7 ppm ya calcium amatenganso pafupifupi 1 dKH ya alkalinity. Calcium akachoka pa 420 kufika pa 413 palibe chimene chasintha kwenikweni, mwina ngakhale choyezera sichiona. Koma alkalinity ikachoka pa 8 kufika pa 7, gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu lapita. Nkhokwe yake ndi yaing'ono, ndiye imayamba kutha ndi iyo.

Kuyeza kwake ndi ntchito yofatsa. Ndimatunga madzi pang'ono ndi sirinji n'kuthira m'kabotolo koyera. Ndikadonthetsamo mankhwala oyamba, madziwo amasanduka a buluu. Kenako ndimatenga sirinji ina yaing'ono, ndikudonthetsa limodzilimodzi, ndikuzunguza kabotolo pamwamba pa pepala loyera pafupi ndi windo. Madontho ambiri amagwa popanda chooneka. Kenako dontho lina limabweretsa kamtambo kofiirira kamene kamazimiririka ukazunguza, ndipo pamenepo dzanja liyenera kudekha. Lotsatira, kapena lotsatiranso, limatembenuza madzi onse. Uwerenge pamene sirinji yaima, uyang'ane patebulo la manambala, ulembe m'kope. Sungachite zimenezi uku ukuyankha foni. Pa mphindi zochepazo maganizo onse amasonkhana pa kabotolo, ndipo ndimatulukamo mtima uli m'malo.

Kutsika kwa nambala imeneyi kumandisangalatsa, ngakhale kuti kumandipatsa ntchito. Alkalinity ikatsika ndiye kuti yapita m'chigoba. Maso sangaone nthambi ya korali wa Montipora ikukula kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu, koma kabotolo kamaona. Makorali akachuluka amadya zambiri, ndipo muyezo umene unkakwana chaka chatha lero sukwana. Tsiku limene nambala yasiya kutsika ndi limene ndimada nkhawa, chifukwa ndiye kuti china chawakhumudwitsa ndipo asiya kumanga, ngakhale kuti maonekedwe awo adakali abwino.

Chobwezera alkalinity si mankhwala achilendo. Ndi sodium bicarbonate, soda yemwe timathira m'therere. Amasungunulidwa m'madzi oyera n'kuthiridwa pang'onopang'ono pamene pampu ikukankha madzi mwamphamvu. Lamulo limene aliyense amaphunzira ndi lakuti usakweze kuposa 1 dKH pa tsiku limodzi, ngakhale utapeza kuti yatsika kwambiri. Korali amene wakhala pa 6.5 kwa mwezi amapirira 6.5, koma ukamukweza pa 9 madzulo amodzi nsonga za nthambi zimapsa, mnofu umasenda, chigoba choyera chimaonekera. Soda ndi calcium sathiridwa nthawi imodzi pamalo amodzi, chifukwa zikakumana zimagwirana pomwepo, madzi amachita mbuu, ndipo zonse zimagwa pansi ngati fumbi la mwala korali asanalawe. Ntchito ya magnesium ili pamenepa. Amatchinga kuti calcium ndi carbonate zisagwirane msanga, kuti zikhale zosungunuka mpaka nyama itazifuna. Munthu akamathira calcium ndi soda koma manambala osakwera, ayambe wayeza magnesium.

Pa zonsezi ndimakhulupirira kuti kuthamangitsa nambala kumapha makorali ambiri kuposa nambala yolakwika pang'ono. Ndaona thanki ya mnzanga ku Woodlands ikukongola pa 7 dKH, ndaona ina ku Kabulonga ikukongola pa 10. Eni ake amatsutsana akakumana, aliyense kutamanda yake, koma chimene ali nacho onse awiri ndi chakuti nambala yawo ya January ndi yomweyo ya September. Kope langa ndi lofunika kuposa botolo lililonse la mankhwala limene ndili nalo, chifukwa nambala ya lero payokha sinena zambiri. Imayamba kulankhula ikaikidwa pansi pa ya sabata yatha ndi ya mwezi watha.

Pali nambala ina imene imandiuza za m'nyumba mwanga momwe. Imeneyi ndi pH, imene iyenera kukhala pakati pa 7.8 ndi 8.4. Imatsika m'bandakucha n'kukwera madzulo, chifukwa masana ndere zija zimadya carbon dioxide, usiku zonse za m'thanki zimangoutulutsa. Koma mpweya wa pabalaza umalowanso m'madzi. Mu June, mawindo atatsekedwa chifukwa cha kuzizira, abale atadzaza nyumba, pH imatsika, ndipo m'kope muli masiku amene ndingathe kuloza kuti apa tinali ndi alendo. Mpweya umene ana anga apuma umasungunuka m'thanki n'kusanduka asidi wofooka. Mbaula ikayandikira pakhomo zimaposa pamenepo, ngakhale kuti mbaula ya makala m'nyumba yotseka ndi yoopsa kwa anthu eni ake tisanafike pa nsomba. Mankhwala oyamba a pH yotsika ndi kutsegula windo. Ena amadonthetsa madzi a laimu usiku, amene amakweza pH uku akubwezera calcium ndi alkalinity.

Zimene zimachitika pabalaza pangazi zikuchitikanso padziko lonse. Mafakitale asanayambe, mumlengalenga munali carbon dioxide wokwana 280 ppm, lero wapitirira 420, ndipo gawo lina la mpweyawo lalowa m'nyanja. pH ya pamwamba pa nyanja yatsika kuchoka pa 8.2 kufika pa 8.1. Papepala zikuoneka zochepa, koma sikelo ya pH imayenda mochulukitsa kakhumi pa sitepe iliyonse, moti kutsika kumeneku ndi kuchuluka kwa asidi ndi magawo pafupifupi 30 pa 100. Nyanja ilibe windo loti itsegule. Ndipo ife a kuno taona ndi maso zimene asidi amachita m'madzi amoyo. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi analowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa, ndipo ndege za asilikali zinathira laimu mumtsinje kuti asidiyo aphwe mphamvu. Nditamva za laimuyo ndinazindikira kuti akuchita mumtsinje zimene ine ndimachita ndi kasupuni, ndipo mtima unandiwawa, chifukwa ndikudziwa kuti nambala ikhoza kubwerera m'malo koma zimene zafa sizibwerera nayo. Kafue yemweyo ndi amene amafika pampopi wanga.

Za nitrate ndi phosphate ndi zimene zimandivuta kwambiri kuziganizira. M'thanki nkhani yake ndi yosavuta. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa ammonia, amene ndi poizoni. Mabakiteriya okhala m'timabowo ta miyala amamusandutsa nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Thanki yatsopano imadikira masabata angapo yopanda nsomba mpaka mabakiteriyawo atachuluka, ndipo kuyambira pamenepo ammonia ndi nitrite ziyenera kuwerenga 0 nthawi zonse. Nitrate akhale pakati pa 1 ndi 10 ppm, phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1. Zikachuluka, ndere zobiriwira zimakuta miyala, makorali amada, ndipo phosphate amalepheretsa chigoba kukula. Koma zikatheratu makorali amafa ndi njala, amatuwa pang'onopang'ono. Madzi oyeretsetsa nawonso si a moyo. Kusinthako madzi okwana gawo limodzi mwa magawo khumi sabata iliyonse kapena masabata awiri, ndi kudyetsa nsomba mosapitirira, kumasunga zonsezi pakati.

Koma nitrate ndi dzina limene limamvekanso ku Kanyama, ku George ndi ku Chawama. Bungwe la World Health Organization limati madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a nitrate pa lita, ndipo zitsime zambiri za m'makomboni amenewa zinapezeka zitapitirira. Chifukwa chake ndi thanthwe lomwe lija. Ming'alu yake imayendetsa madzi mofulumira popanda dothi lokwanira kuwasefa, ndipo chimbudzi chokumba ndi chitsime zimamwa mumng'alu umodzi. Dzinja madzi a pansi amakwera mpaka kufika pafupi ndi mapazi. Nitrate sayambitsa kolera, koma amasonyeza njira imene kolera amadzera. Matendawa anagwira mzinda uno kuyambira October 2017 mpaka chaka chotsatira, ndipo anabweranso mu October 2023. Mu January 2024 bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno.

Madzi a tinsomba tanga tiwiri amayezedwa sabata iliyonse. Chitsime chimene mwana wa ku Kanyama amamwa sichiyezedwa chotero. Mfundo imeneyi ndilibe poibisa, ndipo sindifuna kuti isiye kundiwawa. Kukhuthula thanki yanga sikungayeretse chitsime chimenecho, ndikudziwa, koma thankiyo inandichotsera chikhulupiriro chimene ambiri tinakula nacho, chakuti madzi oyera m'maso ndi madzi abwino. Madzi okhala ndi ammonia wopha nsomba amaoneka mbee. Madzi a chitsime choipitsidwa amaoneka mbee, ozizira bwino, okoma pakamwa. Wachibale akandiuza kuti borehole yake ndi yabwino chifukwa madzi ake ndi oyera, ndimamupempha kuti akayezetse, ndipo podikira zotsatira aziwiritsa kapena kuthira klorini. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa nitrate, ndipo mayi wosungunulira khanda mkaka wa m'chitini ayenera kudziwa zimenezi.

Chaka cha 2024 chinayesa aliyense wosunga chamoyo chodalira magetsi. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba, kumene kumachokera magetsi, anatsika, ndipo pofika September madera ambiri a mzinda uno ankaona magetsi maola atatu okha pa tsiku. Anthu anataya malonda, nyama inaola m'mafiriji, ometa ndi owotcherera zitsulo anakhala manja lende, mipopi inauma chifukwa mapampu analibe mphamvu. Pakati pa mavuto otere thanki ya makorali ndi nkhani yaing'ono, koma zamoyo zimene ndinaziika m'galasi ndi dzanja langa zinalibe kwina kopita.

Makorali amapirira mdima masiku angapo. Chimene sapirira ndi madzi oima. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pagombe, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 14 pa 100, moti oksijeni wolowa m'madzi ndi wochepa kale. Madzi a mchere amasunga oksijeni wochepa kuposa a mumtsinje, ndipo akatentha amasunga wochepa kuposa pamenepo. Pampu ikaima usiku wa October, nsomba zimayamba kupumira m'mwamba pakangotha maola ochepa. Choncho batire ndi kasola kamene ndinali nako ndinazipereka ku pampu imodzi yogwedeza pamwamba pa madzi, nyali n'kuzisiya zozima. Mwana akafuula kuti "Malaiti apita!" khutu langa linkayamba lamvetsera ngati kapampuko kakulira. Batire ikafooka pakati pa usiku ndinkatunga madzi ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu. Chakudya cha nsomba ndinachepetsa kuti zinyalala zichepe. Ndipo kope linandisonyeza chinthu chimene sindikanachiona ndi maso. Popanda kuwala makorali anachepetsa kumanga, alkalinity inasiya kutsika, ndiye soda nayenso anayenera kuchepa. Muyezo wa masiku abwino ukanawapsereza.

Mu April chaka chomwecho bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti makorali a m'nyanja zonse zazikulu akuyera, kachinayi m'mbiri, pambuyo pa 1998, 2010 ndi 2014 mpaka 2017. Madzi akatentha digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'mwezi wotentha kwambiri, n'kukhala choncho masabata angapo, korali amalavula ndere zake zija. Mtundu umachoka, chakudya chimachoka, ndipo kutentha kukapitirira amafa. Mu 1998 magombe a Kenya, Tanzania ndi Seychelles anataya makorali ochuluka zedi. Nyengo ya El Niño, imene inaumitsa chimanga kuno n'kutsitsa Kariba, inali nawo m'gulu la zotenthetsa nyanja m'chaka chimenecho cha 2024. Pamene ine ndinkathira madzi ndi jagi mumdima ku Chelstone, makorali a kunyanja anali pa vuto lochokera ku gwero lomwelo. Matanthwe a makorali satenga ngakhale gawo limodzi pa 100 la pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira iwo, ndipo asodzi a ku Quirimbas ndi ku Bazaruto ku Mozambique amadya kuchokera pamenepo monga mmene a ku Mpulungu ndi ku Siavonga amadyera kapenta.

N'chifukwa chake sindifuna korali wothyoledwa kunyanja. Makorali a chigoba cholimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, ndipo sadutsa malire a mayiko popanda chilolezo. Anga onse anayamba ngati tizidutswa tochepa ngati chala, todulidwa m'mathanki a anzanga, ndipo tinsomba tanga tinaswedwa m'thanki, sitinaonepo nyanja. Korali akakula amadulidwa ndi kapulayala, kachidutswako n'kumatidwa pa kamwala, ndipo pakatha masabata angapo mnofu umaphimba bala n'kuyamba kutambalala.

Kuchokera m'chaka cha mdima chija timagawana tizidutswa mwadala. Magetsi sazima nthawi imodzi ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabulonga, ndipo batire ya wina ikafa ya wina imakhala ikugwira, choncho mtundu uliwonse ukhale m'nyumba ziwiri kapena zitatu. Posachedwa mnyamata wina wa m'mafulati a ku Kabwata wayamba thanki yake yaing'ono ndipo akufunitsitsa kachidutswa ka Montipora wanga wofiira. Anandiimbira kuti, "Amalume, madzi ayera bwino, ndibwere Loweruka?" Ndinamuuza kuti ayambe wanditumizira manambala a mchere ndi alkalinity a masabata anayi otsatizana. Oyamba abwera, mchere uli pa 35 koma alkalinity ili pa 11, ndipo yanga ili pa 8. Tagwirizana kuti asiye kuthira soda, aisiye itsike yokha pang'onopang'ono mpaka iyandikire yanga, ndipo kachidutswako ndakadula kale kuti bala lake lipole kadakali m'madzi amene kanazolowera.